Tsiku Limene Anameta Sikono

Anthu a ku Senga Bay akamafunsana kuti Che Twaibu anasiyiranji ntchito ya mahatchi, aliyense amanena zake. Ena amati anakalamba, ena amati anayambana ndi Madamu mwini loji. Bodza lokhalokha! Ine Dailes ndinalipo. Ndinkachapa ndi kusita pa loji yomweyo, ndipo m'nkhani imeneyi dzanja langa lilimo, sindikana. Ndiye khalani phee ndikuuzeni mmene zinayendera.

Che Twaibu anabadwira konkuno, mwana wa msodzi, koma nyanja inawakana. Akangokwera bwato ankasanza mpaka ndulu, anzawo n'kumawaseka. Ali mnyamata anathawira ku mapiri a Dedza, kumene anakalembedwa ntchito pa esiteti ya mzungu wina woweta mahatchi. Anayamba ndi kuwola ndowe, kenaka kupesa ubweya, kenaka kusema ziboda. Patatha zaka khumi ndi zisanu anabwerera kwawo akutsimphina mwendo wamanzere, pamene hatchi ina inawaponda, koma m'mutu muli nzeru imene m'boma lonse la Salima munalibe wina anali nayo. Anali munthu wamfupi, wosayankhulayankhula, wa kofia yoyera, ndipo chuma chawo chinali ndevu. Ankazipesa Lachisanu lililonse asanapite ku mzikiti, modekha, ngati mmene ankapesera mchira wa hatchi.

Ndevu zimenezo ndiye zinayambitsa zonse. Chaka cha 1987, nthawi ya chipani chimodzi, Che Twaibu anapita ku msika wa ku Salima ndi akazi awo a Sakina. Pachipata panali ayufi ofunsa makadi a chipani, ndipo wamkulu wawo anali mnyamata wina wa pakamwa, dzina lake Misheck. Khadi Che Twaibu anali nayo, koma inatsalira m'thumba la mkanjo umene unachapidwa dzulo lake. Anafotokoza mwaulemu. Misheck sanamve. Anawakhazika pansi pa fumbi, n'kukalanda sizasi kwa telala wa pakhonde, n'kuwadula ndevu za tsaya limodzi lokha, linalo n'kulisiya. Msika wonse ukuonerera, akazi awo ali pomwepo atagwira pakamwa. Munthu wamkulu anabwerera kwawo atafunda mpango wa mkazi wake kumaso, n'kukamaliza yekha kumeta mbali yotsalayo. Miyezi iwiri sanaponde ku mzikiti chifukwa cha manyazi.

Nane Misheck yemweyo anandilawitsa. Anandibweza pachipata chomwecho masiku atatu otsatizana poti ndinalibe khadi, beseni la tomato lili pamutu kuchokera kwathu ku Maganga, mpaka tomato yense anaphulika n'kuyamba kundichuchira m'khosi. Ndiye musayembekeze kuti ndimunenera zabwino galu ameneyu. Ayi ndithu.

Matipate atabwera tinavina, tinati basi, oterewa awo atha. Ha! Kutha kuti? Misheck anangovula malaya ofiira a ayufi n'kuvala tayi. Chaka cha 1995 tinangoona Madamu akutionetsa kapitawo watsopano wa antchito onse, wodziwa Chizungu, wodziwa kulamula. Kucheuka, Misheck! Madamuwo anali mzungu wochokera ku Zimbabwe, za makadi sankazidziwa, ndipo ife palibe anatsegula pakamwa. Mantha a zaka zonse zija satha tsiku lovota. Misheck ankadutsa Che Twaibu ngati sanawaonepo chibadwire. Ankawatchula kuti "madala", n'kumawatuma ndudu. Iwo ankangoti, "Chabwino, bwana." Tsiku lina ndinawafunsa kuti, "Che Twaibu, mtima wanu ndi wamwala kodi?" Anandiyang'ana n'kunena kuti, "Achemwali, mlandu suwola."

Pa lojipo panali mahatchi atatu. Awiri anali akuluakulu, a ubweya wosalala, okwera alendo akuluakulu. Wachitatu anali kahatchi kakafupi konenepa, mtundu umene azungu amati poni, kofiirira ngati sikono yongotuluka mu uvuni, ndipo dzina lake linali lomwelo, Sikono. Anabadwira ku Dedza, ndipo Che Twaibu ndi amene anakamutenga pa lole ali wamng'ono. Thupi lake silinavomereze kuti anasamuka. Mwezi wa Meyi ukangofika ankamera ubweya wambiri ngati nkhosa, kukonzekera chisanu cha kumapiri. Che Twaibu ankamukonda kuposa mmene amuna ena amakondera ana awo. Ankamusungira makoko a mapapaya a kukhitchini, ndipo Sikono akamva kutsimphina kwawo patali ankayamba kulira ndi kupalasa pansi.

Ntchito ya Sikono inali kunyamula ana a alendo pamchenga, ola limodzi m'mawa, ola limodzi masana, pena kuthamangako pang'ono. Sinali ntchito yakalavulagaga, komanso sikunali kungokhala. Ndiye chaka chilichonse kumayambiriro kwa Juni Che Twaibu ankamumeta. Ine ndinkakonda kukaonerera zovala zikauma, ndipo iwo, munthu wosayankhula uja, pa nkhani iyi yokha ankamasuka.

"Hatchi imametedwa molingana ndi ntchito yake, achemwali," ankatero. "Yongodya n'kugona, isiyeni ndi ubweya wake wonse. Yothamanga tsiku lathunthu, yokhala ndi khola la njerwa ndi zofunda zake, imeneyo mukhoza kuimeta yonse. Koma uyu ali pakati. Ndikamusiya chonchi, thukuta limamira m'ubweyamu, silimauma, amazizidwa nalo n'kuyamba zilonda. Ndikamumeta yense, mwera umupha, chifukwa khola lathuli ndi la bango, mphepo imangolowa ngati kwawo."

Akatero ankatenga choko n'kujambula mzere pathupi la Sikono, kuyambira pansi pa chibwano, kutsika m'mbali mwa khosi, kudutsa paphewa, n'kuyenda m'nthiti mpaka kuntchafu. Pansi pa mzerewo, kukhosi, pachifuwa ndi kumimba, kumene thukuta limachuluka, ankameta. Pamwamba pake, msana ndi chiuno, ankasiya kuti likhale bulangeti lake. Miyendo sankaikhudza. Ankagwiritsa kamakina kamanja kotsina ngati nkhanu, ndipo ntchitoyo inkawatengera masiku awiri.

Chaka cha 1996 zinthu zinafika pamutu. Misheck anayamba kunong'oneza Madamu kuti ntchito ya mahatchi siifuna katswiri, anthu a m'maluwa akhoza kumaigwira, madalawa apume nyengo yozizira ikatha. Wophika anamva ndi makutu ake akupereka tiyi, n'kutiuza. Tonse tinadziwa kuti pa loji ija mmodzi achokapo, kaya Che Twaibu kaya Misheck. Nthawi yomweyo Madamu anabwera ndi makina ometera amagetsi ochokera ku Harare. Anawapereka kwa Misheck, poti ndiye ankasunga makiyi a sitolo, n'kunena kuti akupita ku Lilongwe Lolemba, abwera Lachisanu, ndipo adzapeze Sikono atametedwa. Galimoto isanafike n'komwe pamsewu waukulu, Misheck analengeza kuti ameta yekha, Madamu adzaone kuti palibe chodabwitsa pamenepa.

Koma mumtima ankadziwa kuti sadziwa. Lolemba lomwelo masana ndinamuona akuzembera ku khola, manja m'thumba, akunamizira kuyendera udzu. Anafunsa motsitsa mawu kuti, "Madala, paja mumayambira pati pometa?" Che Twaibu anapitiriza kusesa, n'kuyankha kuti, "Ndikuuzani mawa, bwana, panopa ndikuthamangira swala ku mzikiti."

Sanapite kukaswali. Anabwera kochapira kwa ine, n'kutseka chitseko.

"Achemwali, ndipezereni mabulangeti atatu akale, aja anasiya kuyalira alendo. Muwasoke pamodzi, muike zingwe ziwiri zomangira kumimba."

"A chiyani?"

"Munthu uja ndamuwerenga chaka chathunthu. Ndikamuuza kumbali kametedwe kake, amva, achita bwinobwino, Madamu amuyamikira, ine ndipita. Koma ndikamuuza pagulu, achita zosiyana ndi zimene ndanena, ngakhale zimuphe. Mawa ndimuuza zoona zokhazokha, pamaso pa anthu onse. Amumeta yense. Madamu anakulira pa mahatchi, akadzaona poni ali mbulanda mwezi wa Juni, sadzafuna wowafotokozera."

"Nanga Sikono?"

"Ndilipo ine. Akangomaliza ndimufunditsa, nditchinga khola ndi masaka, ndizigona momwemo. Insha Allah, sadzamva n'komwe kuti kunja kukuzizira."

Abale, ndinaseka mpaka misozi. Ndinati, "Che Twaibu, kani mumaluma chonchi!" Mabulangeti aja ndinawasoka tsiku lomwelo ndi singano ya masaka, ndikuimba nyimbo za kwaya. Chiyambire ntchito pa loji ija sindinasokepo kanthu mokondwa chotero.

Lachiwiri m'mawa tinaima pamzere kuseri kwa khitchini monga mwa masiku onse, antchito makumi awiri, Misheck akuyendera zikhadabo za operekera zakudya. Makina aja anali atawakolowekera kukhwapa kuti aliyense awaone. Asanatibalalitse, Che Twaibu anatuluka pamzere. Munthu amene mawu ake sitinkawamva, tsiku limenelo anakweza mpaka alonda a pageti anacheuka.

"A kapitawo, poti ntchito iyi simuidziwa, ndikuphunzitseni pano anthu akumva. Sikono mumumete kukhosi, pachifuwa ndi kumimba basi. Msana musaukhudze, miyendo musaikhudze. Choko ichi, ndikujambulireni mzere kuti musasochere. Musachite manyazi kufunsa, bwana, safunsa adadya phula."

Tonse tinayang'ana Misheck. Kenaka mtsikana wina woperekera zakudya, amene Misheck ankamufunsira, analephera kudzigwira, anaphulika kuseka, enanso n'kutsatira. Nkhope ya Misheck inachita kutupa. Anamenya choko chija m'manja mwa Che Twaibu, chinagwera uko.

"Iwe ungandiphunzitse ine? Kumeta kwako kwa zigambazigamba kuja, hatchi kumaoneka ngati yadyedwa ndi njenjete? Lero uona kumeta kwa anthu ophunzira."

Anakoka waya kuchokera ku khitchini, n'kulamula anthu awiri a m'maluwa kuti agwire Sikono. Makina analira. Anayambira pamsana penipeni, dala, akuyang'ana Che Twaibu m'maso. Ubweya unkagwa mitolomitolo. Anameta msana, chiuno, nthiti, miyendo mpaka kuziboda, nkhope, ngakhale m'makutu. Pomaliza Sikono sanalinso wofiirira, anatuwa ngati khoswe, thupi lonse mizeremizere, pena pali magazi pamene makina anatsina khungu. Ine mumtima ndinkangoti, meta, mwana wa njoka, meta, ukudzimeta wekha. Ndinayang'ana Che Twaibu. Nkhope inali pansi ngati munthu wachisoni, koma ine ndinaona kuti zala zawo zikuvina pantchafu.

Chimene sitinachiwerengere n'chakuti munthu wochititsidwa manyazi saimira pamene iwe wamuikira malire. Misheck atazimitsa makina anatembenuka n'kunena kuti, "Tsopano iwe madala, wandinyoza pamaso pa antchito anga. Nyamuka. Usapondenso pano mpaka Madamu abwere adzakuchotse okha." Anaitana alonda n'kuwauza kuti amene amulowetse munthu ameneyu, naye ntchito yatha.

Apo ndiye ndinaona Che Twaibu akusintha nkhope zenizeni. Anagwada, munthu wa imvi, pamaso pa galu uja.

"Bwana, ndalakwa, ndikhululukeni. Ndipita, koma ndiloleni ndimufunditse kaye. Kapena mufunditseni nokha. Mwera ukubwera, taonani nyanja."

"Hatchi kufunda? Ukufuna tiigulirenso pilo?"

Alonda anawagwira m'manja n'kuwatulutsa. Pageti anandikuwira kuti, "Achemwali, zija ndinakuuzani zija!" Ndinagwedeza mutu kuti ndamva.

Masana amenewo Sikono ananyamula ana a alendo monga mwa nthawi zonse, wa m'maluwa akumukoka. Anabwerako thukuta lili noninoni, tiubweya todukaduka titamatirira thupi lonse. Misheck anamuyang'ana n'kunena kuti, "Munthu akameta amasamba. Kamutsukeni m'nyanja." Kwa iye zinali zanzeru ndithu, poti tonse tikachoka kometa timathamangira madzi. Anamulowetsa m'nyanja mpaka m'khosi, cha m'ma folo koloko, mwera utayamba kale kuwinduka, mafunde akuchita thovu. Anamutulutsa akunjenjemera miyendo yonse inayi, osamupukuta, n'kumutsekera m'khola. Pachitseko Misheck anaikapo loko yake, kiyi m'thumba, kuti Che Twaibu asazembere.

Ndinapita ndi mabulangeti aja nditawabisa m'beseni la zochapa. Ndinapeza loko. Ndikuyesa kuwakankhira pampata wa pamwamba pa chitseko, ndinangomva mawu a Misheck kumbuyo, "Mayi, katundu wa loji mukupita naye kuti?" Anandilanda, n'kundiuza kuti akandionanso kufupi ndi khola andipereka kupolisi ngati wakuba.

Pano ndinene zoona, poti ndinalonjeza kusabisa. Khola lija linali la bango. Ndikanafuna, ndikanabwerera ndi chikwanje n'kuboola kuseri, n'kumufunditsa ngakhale zitenje zanga. Ndinaopa ntchito, inde, ndinali ndi ana anayi. Koma panalinso china. Mumtima ndinati, akazizidwako pang'ono, akatsokomolako, mlandu wa Misheck ukula, Madamu sadzamukhululukira. Ndinapita kunyumba ndi maganizo amenewo, ndipo ndinagona tulo tabwino.

Mwera umenewo unaomba masiku atatu osapuma. Asodzi anakokera mabwato kumtunda, alendo ankadya atavala majuzi, zochapa zanga zinkathothoka pachingwe. Lachitatu Sikono anayamba kutsokomola, koma Misheck anati ndi ulesi, anyamule ana basi. Lachinayi anakana gaga, mamina akutuluka, mutu uli pansi. Che Twaibu ankafika m'mamawa n'kuima kunja kwa mpanda, pafupi ndi khola, tsiku lonse, mphepo ikuwakupiza mkanjo. Ankamva kutsokomola kulikonse. Ankamuitana dzina, ndipo tsiku loyamba Sikono ankayankha, koma Lachinayi sanayankhenso. Anapempha alonda, anapempha wophika kuti aimbire Madamu, koma foni inali mu ofesi, ndipo kiyi wa ofesi anali ndi Misheck yemweyo.

Lachisanu Che Twaibu sanapite ku mzikiti. Anakhala pakati pa msewu wolowera ku loji mpaka galimoto ya Madamu inatulukira, n'kuimika ndi manja awiri. Sindikudziwa zimene anawauza. Ndinangoona galimoto ikulowa mwaliwiro osaima pa ofesi, mpaka pakhola, Che Twaibu ali kumbuyo. Madamu sanadikire kiyi, anaswa loko ndi chitsulo chokwezera galimoto. Ataona Sikono anakuwa mawu a Chizungu amene sindingawabwereze, ndine mayi wa Chigwirizano.

Anatisonkhanitsa tonse pomwepo. Misheck anafika akukonza tayi, akumwetulira, n'kuyamba kufotokoza kuti wameta mwamakono. Madamu anamudula.

"Ndani anakuuza kuti umete msana? Ndani anakuuza kuti umulowetse m'madzi? Panalibe munthu wokuuza?"

Madamu ankafunsa Misheck, koma tinayankha ndife. Pakamwa makumi awiri, anthu amene tinakhala chete chaka chathunthu, tonse pamodzi: "Che Twaibu anamuuza! Pamzere, tonse tikumva! Anamupatsa ndi choko chomwe, iye anataya! Anagwada kuti amufunditse, iye anawathamangitsa!" Ine ndinaonjeza za mabulangeti. Wophika anaonjeza za foni. Wina kumbuyo anayamba za makadi ndi za ndevu, ndipo zinatuluka zonse, za zaka ndi zaka, Madamu akungotembenuka uku ndi uku. Misheck anayesa Chizungu, Chizungu chinamuthawa. Anayesa kugwada. Madamu anatambasula dzanja n'kunena kuti, "Makiyi." Anamupatsa theka la ola kuti achoke.

Mayo ine, kukoma kwake! Ndikanama ndikati ndinamumvera chisoni. Anatuluka atasenza katoni pamutu, tayi ili m'thumba, nsapato zina zili m'manja. Ndinamuperekeza mpaka pageti ndikululutira, ndipo alonda atatsegula ndinaima kutsogolo kwake n'kumufunsa kuti, "Khadi muli nayo, bwana? Pano sadutsa wopanda khadi." Anthu anagwa nako kuseka. Sanadzutse mutu. Ndinalavula pamene anaponda.

Ndinathamangira kukhola kuti Che Twaibu asaphonye. "Che Twaibu, bwerani msanga mudzaone! Akupita! Fisi uja akupita wapansi, katoni pamutu! Zaka zisanu ndi zinayi mwadikira tsiku limeneli!"

Sanacheuke n'komwe. Anali atamufunditsa Sikono mabulangeti aja, atawatenga pamene Misheck anawasiya, atagwada, akumufukiza ndi ndowa ya madzi otentha a masamba a bulugamu, dzanja lina likusisita makutu ometedwa aja. Sikono ankapuma ngati mvukuto, nthiti zikukwera ndi kutsika. Iwo anangoti, "Gwirani ndowayi, achemwali, madzi akuzizira." Ndinagwira. Kupita kwa Misheck sanakuone.

Dokotala wa ziweto anabwera Loweruka kuchokera ku Lilongwe. Anamvetsera m'chifuwa, n'kupukusa mutu, n'kunena kuti ndi chibayo, mapapo onse awiri, ndipo akanaitanidwa Lachitatu bwenzi zili zina. Anabaya jakisoni n'kusiya mankhwala. Che Twaibu sanachoke m'kholamo, sanadye, ankangotuluka kukaswali pamchenga n'kubwerera. Lamulungu m'mawa, ine ndikukonzeka kupita ku tchalitchi, wophika anabwera panjinga kudzandiuza kuti Sikono wagona pansi ndipo sanadzukenso.

Nditafika ndinapeza Madamu akulira, atagwira dzanja la Che Twaibu pamaso pa antchito onse. Ankati, "Munthu uyu yekha ndiye ananena zoona. Anachenjeza, anagwada, anaima pamphepo masiku atatu. Pano palibe wokhulupirika ngati iyeyu." Ananena kuti agula poni wina, ndipo kuyambira mawa kapitawo wa antchito onse ndi Che Twaibu. Anthu anaomba m'manja. Ine ndinaomba kuposa onse. Iwo anangoyang'ana pansi, mawu aliwonse oyamikira akuwagwetsa mapewa ngati akuwasenzetsa matumba a mchenga.

Anapempha fosholo. Anthu a m'maluwa anati awathandize, iwo anakana. Anasankha malo kuseri kwa khola n'kuyamba kukumba okha. Dothi la kumeneko ndi mchenga, ukakumba mbali iyi mbali inayo ikugumuka, ndipo dzenje la hatchi si la mwana. Dzuwa linafika pamutu akukumbabe. Ndinawatengera tiyi ndi chinangwa, n'kukhala m'mphepete mwa dzenjelo. Panalibe wina.

Ndinati, "Che Twaibu, musadzizunze. Simunamete ndinu, simunamusambitse ndinu. Inu munanena zoona, tonse tinamva."

Anabaya fosholo mumchenga n'kutsamira.

"Ndinanena zoona, inde. Koma ndinasankha pozinenera. Lolemba munthu uja anabwera yekha kudzandifunsa, mawu atatu okha akanakwana, Sikono bwenzi pano akudya makoko. Ndinamuika pamsampha ngati nyambo, achemwali. Sikono ankandikhulupirira, pamene ankamugwira paja ankayang'ana ine."

"Nanenso ndikanatha kuboola bango lija," ndinatero. Aka kanali koyamba kuzinena.

"Ndikudziwa," anatero. Sanandikalipire, ndipo zimenezo zinandiwawa kuposa kundikalipira.

Ndinkafuna kuwasiya apume. Koma ine pakamwa panga sipaugwira mtima, ndinafunsabe.

"Nanga za Misheck? Mtima wakhala pansi?"

Ndinkayembekeza kuti anena kuti ayi, kubwezera n'kopanda phindu, monga amanenera abusa ndi mashehe. Anapukuta thukuta ndi kofia, n'kundiyang'ana m'maso.

"Wakhala pansi. Wallahi, wakhala. Usiku wa Lachisanu, Sikono akubanika pamiyendo pangapa, ndinkakumbukira kuti munthu uja wachoka ndi katoni pamutu, ndipo ndinkamva kukoma. Ndadzifunsa m'dzenje muno kuti Lolemba lija litabwerera ndingatani. Mulungu andikhululukire, ndingachitenso chimodzimodzi."

"Ndiye basi, kwatha. Mawa ndinu kapitawo, poni wina akubwera."

"Ayi. Munthu amene angachitenso zimenezi asapatsidwe chingwe cha hatchi. Ngakhale cha mbuzi."

Anazula fosholo n'kupitiriza kukumba. Tiyi uja anazizira osamukhudza. Lolemba m'mawa tinaima pamzere kudikira kapitawo wathu watsopano, Madamu ali ndi makiyi m'manja, koma Che Twaibu sanabwere.